Roketi, setilaiti kapena zida zapansi: njira yabwino yoyezera kusintha kwa mpweya wakumwamba kwenikweni ndi iti?

Kuno ku Blantyre tikamva zoti nyengo yasintha timaganiza za kutentha kwa Okutobala, mvula yochedwa kugwa, kapena Freddy uja wa mu Malichi 2023 amene anatisiya ndi maliro ku Chilobwe ndi madera ena a m'mbali mwa phiri la Soche. Zonsezo ndi za m'munsi muno, mitambo, mabingu, anamondwe, zimathera pa makilomita ngati 16 kapena 17 kuchoka pansi. Koma mpweya sumathera pamenepo ayi, umapitirirabe mpaka makilomita mazanamazana ngakhale umanka nuchepa, ndipo kumtunda kumeneko kukusinthanso koma mosemphana ndi kuno. Pansi kukutentha, kumwamba kukuzizira, ndipo woyambitsa ndi mmodzi yemweyo, carbon dioxide.

Zimatheka motere. M'munsi muno mpweya ndi wothithikana ndiye kutentha kumene carbon dioxide watulutsa kumagwidwanso ndi mnzake pafupi pomwepo, sikuthawa msanga. Kumtunda mpweya ndi wapatalipatali, carbon dioxide akagundana ndi tinthu tina n'kulanda mphamvu amaitaya ngati kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared ndipo palibe woigwira, imangopita kunja basi. Ku Mauna Loa, Hawaii, atayamba kuyeza mu 1958 anapeza carbon dioxide ali pa 315 ppm, kutanthauza magawo 315 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya, pano wadutsa 420. Mu 1989 Raymond Roble ndi Robert Dickinson anachita masamu pa kompyuta n'kupeza kuti carbon dioxide ndi methane atawirikiza kawiri, mesosphere, yomwe ili pakati pa makilomita 50 ndi 85, ingazizire ndi madigiri ngati 10, ndipo thermosphere yapamwamba pake ndi madigiri ngati 50. Mpweya ukazizira umakhwinyata, umatsika, ndiye kumene kumayenda masetilaiti kumatsala mpweya wochepa kuposa kale. Zinyalala za masetilaiti akufa zomwe zikanakokedwa n'kupsa zimakhalitsa m'mwambamo. Ionosphere nayo, gawo la mpweya wakumtunda lokhala ndi tinthu ta magetsi totchedwa ma electron, ija imabweza mafunde a wailesi kuti agogo amve BBC pa shotiwevu usiku, ija imasokoneza GPS ikavunduka, imatsika nawo. Ndiye musati ndi nkhani ya azungu okha, Starlink tili nayo kuno kuyambira 2023 ndipo kampani yake ya SpaceX inataya masetilaiti 38 mwa 49 mu Febuluwale 2022 pomwe mphepo ya dzuwa inafufumitsa mpweya wakumtunda atangowaponya kumene.

Vuto ndi loti kusintha kumene tikufunaku ndi kwakung'ono, digiri imodzi kapena awiri pa zaka khumi, pomwe dzuwa palokha limakwera ndi kutsika mphamvu zaka 11 zilizonse ndipo ku thermosphere zimenezo zimasintha kutentha ndi madigiri mazana. Onjezanipo kusiyana kwa masana ndi usiku, chilimwe ndi dzinja, mapiri ophulika, ndi ozone yemwe anachepa kenako n'kuyamba kubwerera pang'onopang'ono pambuyo pa pangano la ku Montreal la 1987. Zili ngati mwana wa kusikelo, kumukweza kamodzi sikungakuuzeni ngati akukula kapena akunyentchera, pamafunika khadi lodzadza mwezi ndi mwezi, ndipo sikeloyo ikasinthidwa pakati osakuuzani mzere uja umanama. Njira iliyonse ine ndimaifunsa zimenezo, imafika pati, imayeza kangati, ingakhale zaka zingati osasintha.

Baluni tiichotse msanga. Ma baluni a zanyengo amaponyedwa kawiri patsiku m'malo mazanamazana padziko lonse, ndi otchipa, mbiri yake ndi yayitali, koma amaphulika pa makilomita 30 mpaka 35, ndipo ngakhale zimabaluni zikuluzikulu za kafukufuku nthawi zambiri zimalekezera cha pa 40. Setilaiti nayo singazungulire pansi pa makilomita ngati 150 osagwa m'masiku ochepa. Ndiye pakati apa, kuyambira makilomita 50 mpaka 150, palibe chimene chingakhalepo, ndipo chida chokhacho chimene chimalowamo ndi thupi lake n'kukhudza mpweyawo ndi roketi yoyezera.

Roketi imeneyi si ija yopita ku mwezi kapena yonyamula setilaiti. Imakwera choongoka n'kugwanso, ulendo wonse mphindi 5 mpaka 20 basi, zing'onozing'ono zimafika 60 mpaka 100, zikuluzikulu zimadutsa makilomita 1,000. Aku America anayamba ndi maroketi a nkhondo a V-2 olanda ku Germany omwe ankawaponya ku White Sands, New Mexico kuyambira 1946, kenako malo anachuluka, Wallops Island ku Virginia, Poker Flat ku Alaska, Andøya ku Norway kuyambira 1962, Esrange pafupi ndi Kiruna ku Sweden kuyambira 1966. India anaponya roketi yoyezera koyamba pa 21 Novembala 1963 ku Thumba, mudzi wa asodzi, ndipo ofesi yawo inali m'tchalitchi chomwe Akatolika anapereka, anasankha pamenepo chifukwa pali pafupi ndi equator ya maginito.

Mmene amayezera ndi pomwe pamandisangalatsa ine. Njira yakale inali ya mabomba ang'onoang'ono, roketi ikamakwera imataya bomba limodzilimodzi pa mtunda wosiyanasiyana, pansi atchera ma maikolofoni, ndiye poti phokoso limathamanga kwambiri mu mpweya wofunda kusiyana ndi wozizira, akawerenga nthawi imene kulira kulikonse kwatenga amadziwa kutentha ndi mphepo ya pakati pa bomba ili ndi linzake. Ina ndi ya chimpira chogwa. Roketi ikafika pamwamba imalavula chimpira cha pulasitiki yonyezimira chopindapinda, chimadzipopa chokha mpaka kukula mita imodzi, n'kuyamba kugwa. Poyamba chimagwa ngati palibe chochigwira, liwiro likungokwera, kenako cha m'ma 90 mpweya umayamba kuchikankha, chikatsikabe chimayamba kubwerera m'mbuyo liwiro, ndipo rada ili pansi ikuchilondola sekondi ndi sekondi. Mmene chikuchedwera ndi mmene mpweya wathithikanira, kuchokera apo amapeza kutentha, ndipo chikamatengekera kumbali ndiye mphepo imeneyo. Mulibe batire, mulibe sensa yoti ingakalambe, ndi chimpira basi ndi rada. Palinso yothira mankhwala otchedwa TMA omwe akakumana ndi oxygen amawala mbee usiku, mzere wautali kuyambira cha pa 80 mpaka 140, makamera a m'malo angapo n'kumajambula mmene mphepo ikuupindira. Miyezo yotereyi inayamba mu 1958 ndipo Miguel Larsen atasonkhanitsa yopitirira 400 anaonetsa kuti cha pa makilomita 100 mpaka 110 pamaomba mphepo yoopsa kuposa mmene makompyuta ankanenera, nthawi zambiri kudutsa mamita 100 pa sekondi.

Ndiye pa kuona zenizeni za pamalopo, mita ndi mita, roketi ilibe mnzake. Koma funso lathu ndi la zaka makumi ndipo apa ndi pomwe imapunduka. Mphindi khumi pamalo amodzi tsiku limodzi. NASA yonse ndi ndalama zake imaponya ngati 20 pachaka ndipo zambiri mwa izo ndi zoyang'ana dzuwa, nyenyezi ndi aurora, kuwala kumene kumaoneka kumwamba usiku kumathero a dziko, osati kutentha kwa mesosphere.

Kale zinali bwinoko. America inali ndi netiweki ya maroketi ang'onoang'ono a zanyengo kuyambira cha mu 1959, ma Arcas ndi ma Loki, akuponyedwa pafupipafupi m'malo ambiri kuphatikizapo chilumba cha Ascension mu nyanja ya Atlantic. Soviet Union inkaponya ma M-100 sabata ndi sabata ku Volgograd, ku Heiss Island, ku Molodezhnaya ku Antarctica, ngakhale ku Thumba komwe kuja. Japan inkachita chimodzimodzi ku Ryori kuyambira 1970 mpaka 2001. Mbiri imeneyi ndi chuma chifukwa ndi yokhayo yotiuza za m'ma 1960 ndi 1970 masetilaiti oyeza bwino asanabwere, ndipo imaonetsadi kuzizira. Koma ili ndi zipsera. Kasensa ka kutentha kankatsika pa parachuti, ndipo kumtunda uko kamatenthedwa ndi dzuwa komanso ndi liwiro lake lomwe, ndiye nambala yake imafunika kuikonza ndi masamu. Aku America anasintha mtundu wa chida, anasinthanso masamu okonzera, ndipo pomwe anasinthira mzere umadumpha moti munthu wosadziwa angati mlengalenga wazizira mwadzidzidzi. Za ma M-100 zinkaonetsa kuzizira kwakukulu kuposa mmene masamu amayembekezera ndipo akatswiri akhala akukangana kuti mbali ina ndi ya chida. Pamene Franz-Josef Lübken wa ku Germany anayerekeza zimipira zogwa za ku Andøya za m'ma 1980 ndi 1990 ndi mabomba aja a m'ma 1960, anapeza kuti m'chilimwe cha kumpoto kwenikweni kusintha kunali pafupifupi ziro. Onse ndi maroketi, mayankho osiyana, chifukwa malo, nyengo ndi chida n'zosiyana. Chomvetsa chisoni n'choti ma netiweki amenewa anatha, ndalama zinapita ku masetilaiti.

Setilaiti ubwino wake ndi woti imaona dziko lonse tsiku lililonse, Malawi yemwe, osalipira kanthu. Yodziwika kwambiri pa nkhaniyi ndi TIMED ya NASA yomwe inaponyedwa mu Disembala 2001 ili ndi chida chotchedwa SABER, anaikonzera zaka ziwiri koma yagwira zaka zopitirira 20. SABER sayang'ana pansi, amayang'ana cham'mbali m'mphepete mwa dziko n'kumayeza kuwala kwa infrared kumene carbon dioxide yemweyo akutulutsa. Ataphatikiza data yake ndi ya masetilaiti ena awiri, UARS ya 1991 ndi AIM ya 2007, ofufuza analengeza mu 2021 kuti mesosphere ya m'chilimwe kumathero a dziko ikuzizira ndi madigiri 2 mpaka 3 pa zaka khumi ndipo ikutsika mamita 150 mpaka 200. Imeneyo ndi nambala imene roketi payokha sikanatipatsa.

Koma setilaiti sikhudza mpweya, imaona kuwala n'kutanthauzira, ndipo kutanthauzirako kumadalira zinthu zina zongoganiziridwa monga kuchuluka kwa oxygen wa atomu imodzi kumtundako. Imasakaniza dera lalikulu la makilomita mazana kukhala nambala imodzi. Imadutsa pamalo pa ola losinthasintha, SABER amatenga masiku ngati 60 kuti azungulire maola a tsiku, ndipo poti mpweya wakumtunda umakwera ndi kutsika ndi maola, ola likasuntha mutha kuyesa kusintha kwa nyengo pomwe ndi wotchi chabe. Chida chimakalamba chili m'mwamba ndipo simungachitsitse kukachiona. Chimafanso, AIM inasiya kugwira ntchito mu 2023 batire itatha, ndipo ngati yolowa m'malo sinaponyedwe inzake ikadali moyo, kulumikiza mizere iwiriyo kumakhala kovuta zedi.

Apa ndi pomwe roketi imabwereranso, ndipo kwa ine imeneyi ndiye ntchito yake yeniyeni masiku ano. Gulu la ku University of Colorado limatenga chida chofanana ndi chomwe chili pa setilaiti ya SDO choyeza kuwala kwa dzuwa kumene kumatenthetsa thermosphere, n'kuchiyeza bwinobwino mu labu, n'kuchikweza pa roketi ku White Sands, mphindi zochepa chili pamwamba chikuyang'ana dzuwa nthawi imodzi ndi setilaiti, kenako chimatsika pa parachuti n'kukachitola m'chipululu. Kusiyana kwa ziwirizi ndi mmene setilaiti yakalambira. Popanda roketi imeneyo simungadziwe ngati dzuwa lafooka kapena ndi diso la setilaiti lachita khungu.

Pali njira ina ya masetilaiti yomwe anthu saiganizira, yongoona mmene akugwera. Chilichonse chozungulira dziko chimakokedwa pang'onopang'ono ndi mpweya, ndipo asilikali a America akhala akulondola zinthu zimenezi ndi rada kwa zaka zambiri. John Emmert ndi anzake anatenga mbiri ya zinthu zikwi zingapo kuyambira 1967 n'kupeza kuti pa makilomita 400 mpweya ukuchepa ndi 2 peresenti pa zaka khumi zilizonse. Yotchipa, yayitali, yokhulupirika, koma ndi ya pamwamba pa 200 basi, za mesosphere sinena kanthu.

Tsopano zapansi. Lidar ndi leza yowombera kumwamba usiku, kuwala kobwerera kumagwidwa ndi telesikopu ndipo nthawi imene kwatenga ndiye kutalika kwake. Ku Observatoire de Haute-Provence ku France akhala akuyeza kutentha kwa pakati pa 30 ndi 80 kuyambira 1979, ku São José dos Campos ku Brazil akhala akuyang'ana sodium wotsala ndi miyala yopsa m'mwamba cha pa makilomita 90 kuyambira 1972, ndipo yapafupi ndi ife yamphamvu ili ku Maïdo pa chilumba cha Réunion. Lidar imapereka mzere wabwino ngati wa roketi koma usiku ndi usiku, ndipo ya mtundu wa ku France ija kawerengedwe kake sikadalira kwambiri mphamvu ya leza ndiye simasochera ndi ukalamba. Ikanakhala yopambana zonse pakanapanda mitambo. Ganizirani kuno, Novembala mpaka Epulo mvula, Juni ndi Julayi chiperoni chaphimba Ndirande ndi Michiru yomwe, Seputembala ndi Okutobala utsi wa tchire lopsa. Usiku woyera ulipo koma wosankhika, ndipo mukamayeza usiku woyera wokha ndiye kuti mukuona mbali imodzi. Lezayo imafunanso magetsi osaphethira ndi katswiri woikonza.

Yopepukirapo ndi yoyeza kuwala kofooka kumene mpweya umatulutsa wokha usiku cha pa makilomita 87. Kachida kake n'kakang'ono, ku Wuppertal ku Germany akhala akuchita zimenezi kuyambira 1980. Kamapereka kutentha kwa pamalo amodzi okha, ndipo ngati mzere wowalawo watsika pang'ono ndi kukhwinyata kuja nambala imasokonekera, komanso mitambo ndi mdani wake. Rada ya miyala yopsa ija timati nyenyezi zothothoka ndiyo siopa mtambo, usana ndi usiku imayeza mphepo ya pakati pa 80 ndi 100, koma pa kutentha si yolondola kwenikweni.

Mkulu wa zonse pa zaka ndi ionosonde. Imatumiza mafunde a wailesi choongoka kumwamba kuyambira otsika kukwera nawo, n'kumamvera obwerera, mphindi 15 zilizonse, mvula kaya dzuwa. Ku Slough ku England anayamba mu 1931 ndipo ntchitoyo ikupitirira ku Chilton, South Africa ili nazo ku Makhanda, Hermanus, Louisvale ndi Madimbo. Henry Rishbeth ananena mu 1990 kuti carbon dioxide akawirikiza kawiri gawo lapamwamba la ionosphere lotchedwa F2 lingatsike makilomita 15 mpaka 20, ndipo anthu anathamangira ku mbiri za ionosonde kukaona. Malo ena anapezadi kutsika, malo ena kukwera. Chifukwa chimodzi chachikulu n'choti maginito a dziko nawonso akusuntha, ndipo ionosphere imamvera maginito kwambiri, makamaka kum'mwera kwa Atlantic kumene afooka. Ndiye mbiri ndi yayitali inde koma kupatula gawo la carbon dioxide ndi ntchito ya thukuta.

Mukandifunsa kuti ndisankhe, ndinena chonchi. Wofuna kudziwa chimene chikuchitika mkati mwa mesosphere, tinthu ta ayezi ta mitambo yowala usiku ija inayamba kulembedwa mu 1885, mpweya wovunduka, ma electron a gawo lapansi la ionosphere lotchedwa D, aponye roketi, palibe njira ina. Wofuna kudziwa ngati dziko lonse kumtunda kukuzizira atenge setilaiti. Wofuna mzere wa zaka 40 wosadukiza adalire zapansi. Koma amene akuti roketi ndi zachikale tizisiye akulakwitsa kwambiri, chifukwa setilaiti ndi rada zonse zimatanthauzira kuchokera patali ndipo pamafunika wina wopita pamalopo nthawi ndi nthawi kukatsimikiza. Maroketi ochepa koma a mtundu umodzi, malo amodzi, mwezi womwewo chaka ndi chaka angathandize kwambiri kuposa kampeni yaikulu imodzi kenako zii zaka khumi.

Nanga ife? Ndamvapo achinyamata a injiniyaring'i akuti Malawi nayenso apange roketi, ndipo mtima umenewo ndimaukonda. Ku University of KwaZulu-Natal ku South Africa ophunzira anapanga roketi yotchedwa Phoenix yomwe inafika pafupifupi makilomita 18 mu Malichi 2021 ku Overberg, ndi chinthu chachikulu ndithu ndipo anaphunzirapo zambiri, koma onani, patatha zaka zambiri za ntchito sanafike ngakhale pomwe baluni imafika. Roketi imafunanso malo ogwera opanda anthu, Esrange ili ndi tchire lopitirira masikweya kilomita 5,000, ena amagwetsera m'nyanja yamchere, ife dziko ndi lopanikizana ndipo nyanja yathu ili ndi asodzi usana ndi usiku. Kenya inali ndi mwayi wa San Marco pafupi ndi Malindi pomwe Italy inkaponyera kuyambira m'ma 1960 koma kuponya kunalekeka mu 1988. Ngati cholinga ndi kuphunzitsa mainjiniya, pangani roketi. Ngati cholinga ndi kudziwa kusintha kwa mpweya wakumwamba, ndalama imeneyo ipite kwina.

Choyamba n'chaulere, data ya SABER ili pa intaneti, wophunzira wa ku MUBAS kapena wa ku Ndata School of Climate and Earth Sciences ku MUST, Thyolo, atha kukoka miyezo yonse ya pamwamba pa Malawi kuyambira 2002 ndi laputopu ndi bando basi, n'kuchotsamo gawo la dzuwa n'kuona chotsala. Chachiwiri ndi risiva ya GPS ya mafunde awiri padenga la koleji, yomwe imawerenga ma electron onse a pakati pa setilaiti ndi denga, pamodzi ndi kachida koyeza maginito, zonse zoyendera sola ndi batire kuti bulakauti isadule mzere. Zikakhazikika ndiye tiganize za kachida ka kuwala kwa usiku kapena ionosonde mogwirizana ndi anzathu a SANSA, bungwe la South Africa loona za mlengalenga, ku Hermanus omwe ali ndi luso kale. Zida zambiri zakalekale zili ku Europe, America, Russia ndi Japan, kuno kwathu madigiri 16 kum'mwera kwa equator mizere yaitali ndi yosowa, ndiye ngakhale chida chaching'ono chingakhale ndi mtengo kwa ofufuza a dziko lonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa si kugula chida, ndi chaka chachinayi pulojekiti ya madona ikatha, batire yafa, wophunzira amene ankachidziwa wamaliza sukulu wapita. Ulendo umodzi wokha wa dzuwa kukwera ndi kutsika mphamvu ndi zaka 11 ndipo kuti munene chilichonse chokhudza carbon dioxide pamafunika maulendo awiri kapena atatu. Ndiye pa bajeti payenera kukhala malipiro a tekinishani mmodzi wokhazikika, mabatire osinthira, data yosungidwa malo awiri, ndi buku lolembamo chilichonse chimene chasinthidwa ngakhale ndi waya wa eriyo. Tsiku logula chida chatsopano chakalecho chisazimitsidwe, ziyende limodzi chaka chathunthu kuti kusiyana kwake kudziwike.